Galasi Pachipumi

Ndikamawakumbukira agogo anga aamuna, a Chisale, chimayamba kundifikira ndi fungo la mphira yakale yosakanikirana ndi utsi wa nkhuni za paini, pakuti galasi lawo lolowera pansi pa madzi linkakhala pamsomali pafupi ndi khitchini. Lamulungu lililonse tikabwerako ku Misa ku Bembeke, ankalitsitsa, kulipukuta ndi kansalu, n'kulivala m'khosi ngati kolona. Tangoganizani, kwathu kuno kumapiri, kumene madzi akuya timawaonera padamu lothirira mbatata ya kachewere basi!

Agogo anali msilikali wa m'madzi kunyanja, wa udindo wa kopolo, asanapume pantchito. Tsoka lake, kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala a Kamwendo, amenenso anagwirako ntchito kunyanja, koma pasukulu ina yophunzitsa alendo kulowa pansi pa madzi atabereka mabotolo a mpweya kuti akaone nsomba. Onse awiri mabotolowo anawasiya kuntchito. Chimene anabwera nacho kumudzi ndi magalasi awo, ndi makani.

Makani ake, abale inu! Agogo ankati galasi umalilavulira n'kulitsukuluza, silichita nthunzi. A Kamwendo ankati pamafunika kadontho ka sopo. "Malovu anu a fodyawo, a Kopolo, nsomba zinkathawa nawo," ankatero ali pampanda, uku akusenda mbatata. Agogo ankati mwamuna amalowa yekha, chingwe m'chiuno, anzake atachigwira kumtunda. A Kamwendo ankati kwawo ankalowa awiriawiri, wina kuyang'anira mnzake, ngakhale madzi atakhala olekeza m'khosi.

Koma chimene chinkawapsetsa mtima agogo kwenikweni chinali chipumi. A Kamwendo ankakonda kukankhira galasi lawo pachipumi n'kumacheza lili pompo.

"Tsitsani chimenecho, inu wosambitsa azungu!" agogo ankakuwa. Akatero ankatembenukira kwa ine. "Filo, mvetsetsa. Munthu akavuuka ali bwino, galasi amalitsitsira m'khosi. Wolikankhira pachipumi ndi amene wasowa mpweya, mutu wazungulira. Ukamuona wotero, m'thamangire."

Mawu amenewa ndinawamva kambirimbiri, moti ndinkatha kuwanena ngati katekisimu.

Chaka chimene ndinali mu sitandade faifi, mwezi wa Ogasiti, paipi yotulutsa madzi m'damu inatsekeka. Ngalande zinauma, mbatata m'madimba a mudzi wonse inayamba kufota masamba. Anyamata anatokosa ndi nsungwi masiku awiri, osaphula kanthu. Tsiku lachitatu agogo anatsitsa galasi pamsomali, pakati pa sabata.

A Kamwendo anabwera mpaka pakhomo pathu, chinthu chimene sankachita. "A Chisale, madzi aja ndi ozizira ndipo ife takula. Tiloweko awiri."

"Ine sindikukaonetsa alendo nsomba," anayankha agogo, osawayang'ana n'komwe.

M'mawa umenewo chifunga chinali chisanachoke pa Phiri la Dedza, ndipo udzu wa m'mbali mwa damu unkatinyowetsa mapazi mpaka kuchita dzanzi. Anthu anadzaza pakhoma la damu, amayi atafunda zitenje ziwiriziwiri. Agogo anavula jekete n'kundipatsa ine, anamanga chingwe m'chiuno, n'kuuza amalume ndi mnzawo amene anagwira nsonga inayo kuti akamva chagwedezeka katatu akoke. Analavulira m'galasi, anthu n'kuseka. A Kamwendo anakhala patali pang'ono pamwala, manja ali m'thumba la chikhoti chawo, ngati zosawakhudza.

Ulendo woyamba agogo anatuluka ndi thumba la feteleza lodzaza matope, galasi n'kulitsitsira m'khosi, n'kupuma. Wachiwiri anatulutsa chinthambi. Wachitatu anakhalitsako, ndipo tinangomva kuseri kwa khoma madzi akuti khwaa m'ngalande. Nthungululu zinalira. Mutu wa agogo unavuuka pakati pa madzi, nkhope yokha, atayang'ana kumwamba, ndipo ife tonse tinawomba m'manja. Ine ndinkalumphalumpha ndi jekete lawo, kunyada kuti ndi agogo anga.

Kenaka tinamva phava! A Kamwendo, amene m'mawa ankayenda motsimphina ndi nyamakazi, anali m'madzi ndi malaya omwe. Galasi lawo anali nalo m'chikhoti nthawi yonseyi. Anamira, anakhalako pang'ono, n'kuvuuka atawagwira agogo kuchibwano, akuwakokera kumtunda chagada. Apo m'pamene ndinaona kuti galasi la agogo linali pachipumi.

Chingwe chija chinakola pawaya waminga wakale pansi pa damu. Agogo anachigwedeza katatu, kanayi, koma kugwedezako kunkathera pawayapo, amalume osamva kanthu. Chinawalola kufikitsa mphuno yokha pamwamba, ndipo kuzizira kunali kutawamanga miyendo ndi pakamwa pomwe. A Kamwendo anachidula ndi kampeni kawo kosendera mbatata.

Tinawagoneka agogo paudzu n'kuwafunditsa zitenje. Anakhosomola, anasanza madzi, milomo ili bii. Atapeza mawu, anawayang'ana a Kamwendo amene ankanjenjemera pambali pawo.

"Mwalowa molakwika, a Kamwendo. Miyendo inali balala."

"Zikomo, a Kopolo," anatero a Kamwendo, mano akugundana.

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Ine sindinaseke. Ndinali ndi manyazi oopsa, ndipo ndinalira njira yonse yobwerera kunyumba, amayi n'kumaganiza kuti ndi mantha chabe.

Mbatata inatsitsimuka, ndipo Lamulungu lotsatira makani anayambiranso pampanda, za sopo ndi malovu zomwe zija. Agogo sananenepo kuti zikomo ine ndikumva, koma tsabola wawo woyamba kupsa chaka chilichonse ankandituma kuti ndikapereke kuseri kwa mpanda. Tsiku lina nditapita nako katsabolako ndinawafunsa a Kamwendo kuti anadziwa bwanji, popeza iwo eni galasi pachipumi sankaliyesa kanthu.

"Kwa ine si kanthu," anatero. "Koma munthu amene wakhala akundikalipira zaka zonsezi pa chinthu chimodzi sangachichite mwadala, mwanawe."

Onse awiri anatisiya kalekale, atakalamba bwino, akutsutsanabe. Ine ndine mayi wa ana atatu tsopano, ndimaphunzitsa ku Kasina, ndipo kusambira sindidziwa mpaka lero. Agogo ndinkawakonda ndi mtima wonse, lamulo lawo ndinkalidziwa pamtima, koma tsiku limene anafuna munthu wowaona, anawaona ndi uja ankakangana naye. Ndikakhala pagulu anthu akuwombera wina m'manja, manja anga amachedwa. Ndimayamba ndamuyang'ana kumaso.