Mbuzi ya pa Chiliza

Titapuma ntchito ya uphunzitsi, ine ndi amuna anga tinagula kapuloti kumunsi kwa Domasi Mishoni, pamalo pamene kale panali minda ya chinangwa. Pamenepo aliyense anali wobwera. Kumunsi kwathu kunali banja la Alomwe, Akatolika, amene makolo awo anachokera ku Mozambiki. Kutsidya kwa njira kunkachita lendi mphunzitsi wa ku Rumphi. Kumtunda, mpanda umodzi ndi ife, kunali Ayao, Asilamu: bambo wa telala ndi mkazi wake wogulitsa zitumbuwa. Ife tinali a mpingo wa pa Mishoni. Mayiyo ndinkawatchula achemwali, iwonso ankanditchula chimodzimodzi, ndipo amuna awo anasanduka alamu anga.

Pamzere wathuwo panali lamulo limene palibe analikhazikitsa. Ukafuna kupha nkhuku kapena mbuzi, sunkagwira mpeni wekha. Unkaima pampanda n'kuitana alamu. Iwo ankasiya makina osokera, kusamba m'manja, kubwera ndi mpeni wawo wokulunga m'kansalu, kulozetsa chiweto kumpoto, kutchula dzina la Mulungu monga amapempherera kwawo, n'kuzinga. Sankalandira kanthu. Tinkatero kuti ndiwo zikapsa, mbale izitha kudumpha mpanda uliwonse popanda wina kufunsa mafunso. Ngakhale Alomwe aja, okonda nkhumba ngati chiyani, khola analisamutsira kudimba ndipo nyamayo inali ndi poto wakewake.

Ine ndi achemwali tinkakhalira kunyogodolana. Ndinkati zitumbuwa zawo n'zomangira nyumba, iwo n'kumati tiyi wanga ndi madzi otsukira makapu. Mwezi wawo wosala ukafika, sindinkakazinga kanthu cha kumpanda kwawo. Kusalako kukatha, mbale ya mpunga inkafika kwathu ndisanatsegule n'komwe mawindo. Tsiku limene amuna anga anatisiya, woyamba kulowa m'nyumba anali iwo. Anakhala nane masabata awiri, kunditungira madzi, kundikakamiza kudya, bizinesi yawo itaima.

Patatha chaka ndi theka tinamanga chiliza pamanda a malemu. Abale awo anabwera kuchokera ku Ntcheu, motsogozedwa ndi mkulu wawo wa malemuwo, bambo wosadziwa kudikira. Mbuzi ndinagula ku Malosa. Dzulo lake la mwambowo alamu anali ataitanidwa ku Liwonde kukaona m'bale wawo wodwala, ndipo analonjeza kubwerera pa minibasi yoyamba. Seveni koloko inakwana, eyiti inadutsa, alamu osaoneka. Mapemphero anali a teni.

“Kodi mbuzi ya mng'ono wanga mpaka idikire Msilamu?” anatero mkulu wa malemu. “Kwathu kulibe zimenezi.”

Ndinali nditatopa, mutu ukuwawa, aliyense akundifunsa ine komwe kuli mchere ndi mipando. Ndinangoti, “Chitani mmene mukuonera.” Anatenga mpeni wanga wa kukhitchini n'kupita nayo mbuziyo kuseri. Nthawi imeneyo achemwali anali kuchigayo, kundigayitsira mphale yodyetsa alendo anga omwewo.

Atabwera anatula ufa, n'kuona nyama ili kale m'beseni, yoduladula.

“Kodi afika?” anandifunsa, kunena amuna awo.

“Ayi, sanafike.”

“Nanga wazinga ndani?”

“Msilamu uja wogulitsa nyama ku Naisi,” ndinatero. “Amadutsa pa njinga, ndiye ndinamuimitsa.”

Bodzalo linatuluka lokha, losalala, ngati ndinagona ndikulikonza. Ndakhala ndikudzifunsa chimene ndinanamira. Sindinafune kuwaona atakhala pambali ndi kabichi, abale a ku Ntcheu akukodolana. Ndinafuna kuti tsiku limenelo achemwali anga adye pafupi nane. Zimenezo n'zoona ndithu. Koma chinanso n'chakuti ndinachita manyazi kuvomera kuti ine, amene ndinkadzudzula ena akaiwala, ndine ndinathyola lamulo la pamzere.

Achemwali sanafunsenso. Anangoti, “Chabwino,” n'kumanga chitenje m'chiuno. Nyamayo anaphika okha, kulawa msuzi padzanja, kuwonjezera mchere. Titachoka kumanda anakhala pamphasa pambali panga, tinadyera mbale imodzi. Ina anavundikira kuti akapatse alamu, amene anafika masana, ndi amayi awo okalamba amene ankakhala nawo.

M'mawa mwake alendo akulongedza, alamu anabwera kudzapepesa kuti anachedwa. Achemwali anali pambuyo pawo atanyamula mapoto anga amene anakatsukira kwawo.

“Musadandaule, bambo,” anatero mkulu wa malemu, akuseka. “Ndinazinga ndekha. Mpeni nafenso timaudziwa.”

Mkuluyo za bodza langa sankadziwa kanthu. Alamu anayang'ana pansi, n'kuwafunira alendowo ulendo wabwino. Achemwali anaimabe ndi mapoto m'manja mpaka alendo onse atatuluka pageti.

“Achemwali, mukanangondiuza,” anatero motsitsa mawu. “Ndikanaphika bwinobwino, ndikanadya kabichi, ndikanakhuta.”

Ndikanagwada pomwepo, nkhani ino bwenzi palibe. Koma ine manyazi akandigwira amasanduka ukali, ndi mmene ndilili kuyambira ndili mtsikana.

“Nanga mwafa?” ndinatero. “Si mwadya, mwagona, mwadzuka bwinobwino? Mbuzi ndi mbuzi basi.”

Anatula mapoto aja pakhonde, kuwasanja bwino aang'ono m'kati mwa aakulu.

“Sindikunena za mbuzi,” anatero, n'kumapita kwawo.

Sitinakangane, ayi. Zikanakhala bwino tikanatukwanana, chifukwa zotukwanana anthu amabwera kudzaweruza. M'mawa uliwonse moni ankabwera pampanda. Zitumbuwa zinkabwera. Nditadwala malungo anadzandisesera pakhomo. Alamu ndikawaitana ankabwera ndi mpeni wawo monga kale. Mbale yanga achemwali ankailandira ndi manja awiri, kuthokoza, mawa lake n'kuibweza yotsukatsuka. Kungoti kunyogodolana kuja kunatha. Tiyi wanga sanamunyozenso, poti sanamumwenso.

Ndinadziwa zoona zake tsiku lina kumjigo. Mayi wa banja la Alomwe lija anandiuza kuti nkhwani zotendera zimene ndinaphika zinali zokoma kwambiri, ana ake ananyambita mbale. Ine nkhwanizo ndinali nditapereka kumtunda, osati kumunsi. Ataona nkhope yanga anazindikira kuti walakwitsa, koma mawu anali atatuluka kale. Chakudya chilichonse chochokera kwa ine, ngakhale masamba opanda mafuta, achemwali ankachipititsa kunyumba ina mwakachetechete kuti ndisakhumudwe.

Zinandiwawa kwambiri. Ndinalira m'nyumba ndekha, kenako n'kudziumitsa mtima. Mayi wa Chilomweyo anandichonderera kangapo kuti ndikapepese, ine n'kumayankha kuti, “Ndipepese kangati?” pamene sindinapepeseko n'kamodzi komwe. Ndinasiya kutumiza mbale. Zawo zinkabwerabe, ine n'kumadya. Tinakhala choncho zaka zinayi, mpanda umodzi, moni tsiku ndi tsiku.

Kenako matenda a shuga amene achemwali anali nawo kalekale anawakulira. Miyendo inatupa, anagonekedwa m'chipatala ku Zomba, n'kubwerako ataonda, maso okha. Ndinkapita kukawaona monga ankachitira aliyense, kukhala pang'ono, kunena za mvula, n'kutsanzika. Tsiku lina alamu anandiperekeza mpaka panja n'kundiuza kuti achemwali akukana chakudya, akungomwa timadzi.

Mawa lake ndinagwira nkhuku yanga yathadzi, yomwe inkaikira mazira, n'kuipanira m'khwapa yamoyo. Sindinaitanire pampanda. Ndinazungulira kumsewu n'kulowera pageti pawo ngati mlendo. Ndinapempha alamu kuti azinge, ndipo anazinga ine ndikugwira miyendo. Ndinaisosola pakhomo pawo, kuphikira m'khitchini mwawo, m'poto wawo, ndi mchere wawo. Kuchokera kwathu kunabwera nkhuku yokhayo ndi manja angawa.

Msuzi ndinauthira m'kambale n'kulowa nawo kuchipinda. Achemwali anali atatsamira mapilo awiri. Ndinagwada pambali pa bedi, maondo akulira.

“Achemwali, ndinakunamizani tsiku lija,” ndinatero. “Ndinadyetsa inu, alamu ndi amayi zinthu zimene simukanadya. Mutandifunsa ndinakuyankhani mwano. Pepani.”

Anandigwira dzanja. Zala zawo zinali zozizira, zopepuka.

“Zinatha kalekale, achemwali,” anatero. “Mwachedwa bwanji? Ine ndimati mwina mukudikira ndife kaye.”

Tinaseka pang'ono, misozi ikutsika. Aka kanali koyamba kundinyogodola m'zaka zinayi, ndipo mtima wanga unakhala pansi. Ndinatunga msuzi ndi supuni, kuuzira, n'kuwayandikizira.

“Azinga alamu,” ndinatero. “Ndaphikira m'poto wanu.”

Sanatsegule pakamwa. Anatembenuza mutu pang'onopang'ono, movutikira, kuyang'ana kukhomo kumene amuna awo anaima. Alamu anagwedeza mutu kuvomereza. Pamenepo m'pamene anayasama. Anamwa masupuni atatu, n'kunena kuti mchere wachepa.

Sindikhulupirira kuti anadziwa n'komwe kuti atembenuka. Sanachite kuti andilange, sanali munthu wotero. Khosi linangozolowera. Ndinapitiriza kuwaphikira masiku otsatirawo, ndipo tsiku lililonse zinali chimodzimodzi: ine kunena, iwo kuyang'ana kukhomo.

Anamwalira patatha sabata imodzi ndi masiku awiri, m'mawa, ndipo dzuwa lisanapendeke anali ataikidwa kale monga mwa mwambo wawo. Kumanda kunapita abambo okha. Ife amayi a pamzere tinatsala pakhomo, Akatolika, a Mishoni ndi Asilamu pamphasa imodzi, ndipo ana awo anandikhazika pamalo a abale.

Kukhululuka anandikhululukira, zimenezo sindikayika. Koma achemwali anga anapita kumanda mawu anga okha asanakwanenso kuwatsegulitsa pakamwa.