Munda wa Azakhali M'mbali mwa Msewu Waukulu

Katauni kaja tinakadziwa chifukwa cha nkhwani. Kanali kutsidya kwa nyanja kumene tinasamukira, kumpoto kwa Germantown, m'mbali mwa msewu waukulu wopita kumapiri: tchalitchi chimodzi, sitolo ya zakudya za ng'ombe, positi ofesi, kenako minda yokhayokha mpaka polekezera maso. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 msewuwo anali atangoukuza kumene, ndipo anthu a mumzinda anatulukira kuti Loweruka akhoza kukaona ng'ombe n'kubwerera njala isanawagwire.

Azakhali anga, alongo awo a bambo, ankagwira ntchito yosamalira okalamba, yomwe inenso ndinkagwira. Galimoto sankayendetsa, ndiye dalaivala wawo wosalipidwa ndinali ine. Tsiku lina tikudutsa anaona munda wa maungu n'kundilamula kuti ndiime. Mwini munda, mzungu wachikulire wa chipewa chothimbirira, zinamutengera nthawi kumvetsa kuti tikufuna masamba, osati maungu. Atamvetsa anati tithyole mmene tingathere. Azakhali anathyola mopanda chisoni, ine manyazi atandigwira.

Chaka chotsatira mkuluyo anawalozera kachigawo kakumapeto, pafupi ndi pomwe magalimoto amapatukira pochoka mumsewu waukulu. Anati thirakitala yake imavutika kutembenuka pamenepo, alimepo ngati akufuna. Kwa iye inali nkhani yaing'ono. Kwa azakhali, munthu anali atawapatsa munda. Anafunafuna nkhuku yamoyo n'kukaipereka atagwada, mzunguyo n'kuilandira akuseka, osadziwa kuti walowa m'pangano. Kwathu ukapatsidwa malo pamaso pa mboni, iwe n'kuthokoza, umalima mpaka khasu litakukana. Mboniyo ndinali ine.

Ndinawauza kuti kuno malo amayendera mapepala.

"Iwe mwana wadzulodzuloli," anatero, "pepala linalimapo munda?"

Ndinangoti chabwino. Kutsutsana ndi azakhali kunali kutaya malovu.

Anaunga mizere ndi khasu lomwe munthu wina anawatengera m'sutikesi kuchokera kumudzi. Anadzala chimanga choyera, maungu ndi therere. Sabata yonse ankatembenuza makolo a eni ake pabedi osadandaula, koma kuseka kwawo ndinkakumva Loweruka lokha. Zokolola sankagulitsa. Zoyamba zinkapita kwa mkulu uja, zotsala kutchalitchi ku Lanham, kumene amayi a ku Zambia, omwe nkhwani amati chibwabwa, ankawachingamira pakhomo: "Mwatibweretsera chibwabwa, auntie?"

Pamene azakhali ankapalira, msewu nawo unali pa ntchito yake. Pamphambano panamera malo omwetsera mafuta, kenako malo odyera, kenako hotela yaing'ono ya apaulendo. Sitolo ya zakudya za ng'ombe inayamba kugulitsa makandulo onunkhira ndi mipando yakale yomwe kwathu tikanasonkhera moto. Nyengo ya maungu ikafika, mabanja ankabwera kudzalipira kuti akwere ngolo ya udzu ndi kusankha dzungu loti akaliike pakhonde mpaka liwole. Zimenezo azakhali sanazimvetse mpaka kalekale. Ena ankaima n'kuwajambula atawerama ndi khasu, chitenje m'chiuno, iwo n'kumawabayibitsa ngati achibale.

Kenako mwana wa mkulu uja anabwera kuchokera mumzinda kudzayendetsa zinthu. Anali munthu waulemu, ndisamunamizire. Chaka china nyengo yozizira ikutha, tisanadzale, anandiitanira pambali n'kundiuza kuti mabasi a ana asukulu odzaona munda akusowa poima, ndipo malo oyandikira msewu ndi omwe aja a azakhali. Anapepesa kawiri.

Ndinawauza azakhali tsiku lomwelo. Anati nkhani ya munda sakamba ndi mwana, tipite kwa bambo ake. Tinawapeza pakhonde. Azakhali Chingerezi ankachidziwa bwino, koma anakhala pansi n'kulankhula Chichewa kuti ine ndimasulire, monga zimakhalira pa mlandu.

"Uwafunse, ndalakwa chiyani?"

Mkuluyo anadabwa. Anati palibe chomwe alakwa, anthu angochuluka basi. Anati masamba azibwerabe kudzathyola kumunda waukulu, nthawi ina iliyonse, ulere.

"Uwafunsenso bwinobwino. Mwina sunamasulire zonse."

Ndinafunsanso, yankho n'kukhala lomwelo. Pamenepo ndinakwiya, koma woti ndimukwiyire sindinamupeze. Mkuluyo sananame, mwana wake sanabe, ndipo msewu sungautengere kubwalo.

Pobwerera azakhali anayamba kufufuza mlandu wawo. Kapena chimanga cha chaka chatha chinachepa? Kapena pali tsiku lomwe anadutsa osapereka moni? Kapena amayi a kutchalitchi omwe tinapita nawo kamodzi anasokosa? Ndinawauza kuti si zimenezo, koma sanandimve. Munthu salandidwa munda popanda chifukwa, ndipo chifukwa chikadziwika umapepesa, nkhani n'kutha. Zoti palibe chopepesa ndi zomwe sakanatha kuzisenza.

Patapita miyezi ingapo, nyengo ya maungu itafika, anandiimbira foni m'mawa kuti ndikawatenge. Ndinawapeza atavala zakutchalitchi.

"Tikupita kukapepesa."

"Kupepesa chiyani, azakhali?"

"Akandiuza konko."

Ndinawatenga. Titapatuka mumsewu waukulu tinapeza mzere wa magalimoto, ndi bambo wina wa malaya owala akulozera aliyense poima. Ponse paja anali atasalaza n'kuthirapo miyala. Ndinatsatira dzanja lake, ndinaima pakati pa basi yachikasu ndi galimoto ya banja lina, n'kuzimitsa injini.

Azakhali sanatsegule chitseko. Anayang'ana mtengo wa kumalire, anayang'ana mpanda, ngati munthu woyeza ndi maso.

"Bwerera m'mbuyo pang'ono," anatero motsitsa mawu. "Waponda mizere."