Zala za Make Chenai

Shuvai analowa koleji ya uphunzitsi ali mayi kale, ndipo anzake a m'kalasi, atsikana ongochoka kumene kusekondale, ankamuitana kuti asisi. Kwawo ku Gutu palibe ankamutchula dzina. Anali make Chenai basi. Anali ataphunzitsa zaka zingapo pasukulu ya m'mudzi ngati wongogwirizira, wopanda pepala la uphunzitsi, ndipo chaka chilichonse ankadikira kumva ngati amusiya pantchito kapena ayi. Koma mawu anali nawo, osati masewera. Akayambitsa nyimbo kumapemphero, ngakhale madoda osinza aja ankadzidzimuka n'kulowa besi. Atapeza malo kukoleji anasankha maphunziro a nyimbo, ndipo mwamuna wake Tichaona anavomera mosavuta, poganiza kuti mkaziyo akabwerako akudziwa kutsogolera kwaya.

Palibe anamuuza kuti wophunzira aliyense wa nyimbo ayenera kugwira mbira, kalimba wamkulu uja wa tizitsulo tambiri amene amamuika m'chipanda kuti alire kwambiri. Anazionera yekha tsiku limene anamupatsa yake.

Vuto linali apongozi ake aamuna, a Mudzingwa. Paunyamata wawo anali katswiri wa mbira m'dera lonselo, moti kukakhala mwambo woitana mizimu ya makolo, anthu ankawatumizira ngolo. Koma mwana wawo woyamba atamwalira, maso awonso n'kuyamba kuchita mdima, analowa mpingo wopemphera paphiri natentha mbira yawo anthu akuona. Thabwa linapsa, ndipo zitsulo zimene zinakana moto anakaziponya mumtsinje. Kuyambira pamenepo ankalalikira kuti woimba mbira amatsekulira khomo alendo amene sangathe kuwatulutsa. Sizinali zapakamwa chabe ayi. Mkazi wa mwana wawo wina atamveka kuti anakavina nawo mwambo wa mbira kwawo, anamubweza kwa makolo ake ndi chikwama chimodzi, ana awiri n'kutsala, poti kuno ana ndi a kuchimuna. Shuvai ndiye ankawasambitsa anawo akulirira mayi awo. Tsopano Chenai wake, kamwana ka zaka zinayi, anali atatsala pakhomo pa agogo omwewo.

Mwina mukuti munthu wosaona n'ngosavuta kumubisira. Ndiye kuti simunawadziwe a Mudzingwa. Aliyense wofika pakhomo ankagwada n'kuwapatsa manja onse awiri, iwo n'kumasisita chikhatho, kenako chala ndi chala, mosafulumira. Ngakhale mwambo woti munthu azitalikirana ndi apongozi ake unagonja pamenepa. Ankatha kumuuza munthu kuti, "Iwe wayambanso fodya," kapena, "Kodi khasu unalisiya liti?" ndipo sankaphonya.

Kukoleji, masana alionse anthu akatha kudya, belu linkalira ndipo a nyimbo onse ankatenga zoimbira zawo. Inali nthawi yoyeserera, yosathawika ngakhale kugwe mvula yamatalala. Zipinda zinali zochepa, choncho ambiri ankamwazikana pansi pa mitengo, pamasitepe, ena mpaka kuseri kwa khitchini. Phokoso lake! Uku wa lipenga akulira ngati ng'ombe yosowa mwana wake, uko malimba a matabwa akugogodana, a ng'oma nawo sakumva za munthu. Pakati pa zonsezi pankayendayenda a Gwatidzo, mphunzitsi wa mbira, bambo wamfupi wa jekete limodzi chilimwe ndi dzinja. Iwo sankadzivuta kufunsa ngati munthu wayeserera. Ankangoti, "Zala," wophunzira n'kutambasula manja.

Mbira imasiya chizindikiro pathupi. Poyamba nsonga za zala zazikulu zimatuluka matuza, limodzi ndi chala cholozera cha kumanja chimene chimakola zitsulo kuchokera pansi. Matuzawo akaphulika n'kupola, pamabwera kachikopa kolimba, ndipo apo ndiye munthu wayamba kuimba. Anzake a Shuvai ankakadikira kachikopako ndi mtima wonse, kumaonetsana m'mawa uliwonse pomwa tiyi. Iye ankati akayang'ana zala zake, ankaona manja a apongozi ake akubwera.

Ndiye anapeza nzeru, ngati n'koyenera kuitcha nzeru. Akachoka koyeserera ankathamangira kubafa, kuviika zala m'madzi ofunda, kuzikhula ndi mwala wa kumapazi mpaka zifewe, n'kudzola mafuta. Mawa lake zitsulo zinkapeza mnofu wanthete. Anzake matuza anawaiwala kalekale, pamene iye ankawayamba mwatsopano tsiku ndi tsiku.

Amene anamupezerera anali Nomvelo, mtsikana wa ku Bulawayo wogona naye chipinda chimodzi, woimba lipenga, wosadziwa kunong'ona.

"Asisi! Kodi zala mukuzipala ngati chinangwa? Tiphika?"

"Tseka chitseko, iwe."

"Ndatseka. Tsopano yankhulani, apo ayi ndikukaitana ametironi."

Shuvai anamuuza zonse, za moto uja, za chikwama chimodzi chija, za Chenai.

"Ndiye gogoyo amawerenga manja? Eee, kwanuko kuli zinthu!" anatero Nomvelo. "Mukangowauza kuti ndi khasu."

"Khasu limaumitsa chikhatho, osati nsonga."

"Chabwino, singano. Mwayamba utelala."

"Nomvelo, munthuyo anayamba mbira mayi ako asanakwatiwe. Ukuti sangachidziwe chala cha mbira?"

Nomvelo anatsekula pakamwa kuti aponye nthabwala ina, koma anaona kuti madzi a m'beseni afiira. Anangotenga nsalu n'kumupukuta mnzakeyo.

Chala chachikulu chakumanzere chinatupa n'kuyamba mafinya. Shuvai sanajombe koyeserera, poti wojomba ankaitanidwa kuofesi, koma ankaimba ataluma mlomo, kukhudza zitsulo mozemba ngati zikutentha. Tsiku lina masana a Gwatidzo anaima kutsogolo kwake.

"Zala."

Anatambasula. A Gwatidzo anayang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ananso tizitsulo ta mbira, pomwe panali pataumira magazi.

"Mwala," anatero. "Si inu woyamba, mayi. Pafupifupi chaka chilichonse ndimakhala naye mmodzi wa kumapemphero."

"Ndiye mundisinthe, aphunzitsi. Ndiziimba malimba okha."

"Pepala la pano silituluka popanda mbira. Lamulolo sindinaike ndine, koma ndikanakhala ine ndikanaika lomwelo. Koma tamverani. Mukapitiriza mwalawo, chala ichi akachidula kuchipatala. Nanga mukafika kwanu chala chimodzi palibe, mukafotokoza zotani?"

Mwala uja Shuvai anautaya. Kusiya koleji sakanatha, chifukwa kubwerera kumudzi pakati pa chaka kukanafunanso chifukwa chake, ndipo a Mudzingwa sanali munthu womuuza theka la nkhani. Zala zinapola, ndipo poti zinali zitazunzika kwambiri, zinapola zolimba kuposa za aliyense m'kalasimo. A Gwatidzo ankazionetsa kwa anyamata aulesi. Shuvai ankamwetulira, maganizo ali kwa apongozi ake.

Choopsa china chinali chakuti anayamba kuikonda. Belu likalira ankapezeka atafika kale pansi pa mtengo wake. Nyimbo yoyamba imene amaphunzitsa aliyense, yozungulirazungulira yosatha ija, inamulowa moti tsiku lina ali pamzere wa chakudya anapeza zala zake zikuiimba pambale, zokha, iye osazituma. Anakumbuka ulaliki wa apongozi ake wa alendo osatuluka aja. Sanadziwe ngati akuopa kugwidwa kapena akuopa kuti nkhalambayo imanena zoona.

Tchuthi chitafika, Nomvelo anamumanga mabandeji zala zonse zitatu. "Mukanene kuti mwapsa ndi nsimbi, asisi. Mukalire pang'ono." Koma ali m'basi, Shuvai anakumbuka kuti apongozi ake bala samalisiya: amalimasula okha, kulithira madzi opempherera n'kulisisita. Anachotsa mabandeji aja n'kuwaponya pawindo. Msewu wonse wa ku Gutu anakhala atafumbata manja, akuwerengera m'mtima zimene angatenge ngati atamubweza, ndipo chilichonse chimene ankaganiza chinkathera pa Chenai.

Anafika dzuwa litapendeka. Chenai anathamanga n'kumukumbatira miyendo, kutsogolo kwa diresi kuli mbee ndi fumbi. Tichaona analandira chikwama. Banja lonse linali pabwalo, ndipo a Mudzingwa anali pampando wawo pansi pa mtengo wa mango, mkanjo woyera utafika m'mapazi.

"Ndamva mapazi a make Chenai," anatero. "Senderani kuno, mayi."

Shuvai anagwada, anaomba m'manja monga mwa mwambo, n'kupereka manja onse awiri. Nkhalambayo inayamba ndi zikhatho. Inapita kukachala kakang'ono, kenako kotsatira, kenako kotsatiranso. Itafika pachala cholozera cha kumanja inaima pang'ono. Kenako inagwira zala zazikulu zonse ziwiri nthawi imodzi, n'kutsina pansonga.

Pabwalo panali phokoso la nkhuku ndi ana, koma Shuvai sankamva kanthu. Chenai anali atamuyedzamira kumsana, kampweya kake kakumutenthera pakhosi.

Apo ndi pamene zala zazikulu za a Mudzingwa zinayamba kuyenda. Zinatsikira m'zikhatho zake n'kumagogoda pang'onopang'ono, kumanzere, kumanja, kumanzere kawiri, malo osiyanasiyana, ngati pali tizitsulo. Shuvai anaizindikira nthawi yomweyo. Inali nyimbo yoyamba ija. Ndipo pamalo pamene chala cholozera chimayenera kulowa, chake chinalowa, chokha, n'kukola kunsi kwa dzanja la apongozi ake.

A Mudzingwa anataya manja a Shuvai ngati agwira khala lamoto.

"Bambo, kwagwanji?" anafunsa Tichaona.

"Manja awa aonda," inatero nkhalambayo. "Kodi kukolejiko sawadyetsa anthu? Apatseni chakudya make Chenai."

Anthu anaseka, ndipo Shuvai anadzuka. Chakudya anadya, koma mukanamufunsa kuti ndiwo zinali zanji sakanakuuzani. Anadziwa kuti nkhani ngati iyi a Mudzingwa saiweruza pamaso pa ana.

M'mawa mwake, anthu atapita kumunda, anamva akumuitana. Anawapeza ali okha pampando uja, manja atawapanikiza pakati pa mawondo. Anagwada chapatali.

"Make Chenai."

"Bambo."

"Amakuphunzitsani ndani?"

Panalibenso chobisa. "A Gwatidzo, bambo. Ndi lamulo la koleji. Ine sindinkadziwa, ndikanadziwa…"

"Dzulo m'nyimbo muja munalowa mochedwa. Chala chakumanja chija chimayenera kufulumira pang'ono." Atangotero anadzigwira pakamwa. Shuvai anakweza maso, ndipo anaona kuti munthu amene mudzi wonse unkamuopa akunjenjemera mpaka ndevu.

"Thabwa ndinatentha," anatero a Mudzingwa. "Zitsulo ndinataya. Koma zala izi nditaya kuti?" Anatulutsa manja aja, n'kuwabwezeranso pakati pa mawondo msangamsanga. "Zaka zonsezi zinagona. Ndimati zinafa. Dzulo mwazidzutsa pamaso pa ana anga, ndipo mpaka kwacha zikungoyenda. Ndapemphera, sizikumva."

"Pepani, bambo. Chenai yekha, chonde…"

"Mwana sachoka kwa mayi ake. Ndinalekanitsapo kale ana ndi mayi, ndipo kulira kwawo ndimakumvabe. Za kutauni zikhale kutauni, pakhomo pano zisadzafike. Ndipo inu, make Chenai, musadzandipatsenso dzanja."

Shuvai anamaliza koleji, ndipo mbira anakhoza kuposa onse. Lero akuphunzitsa pasukulu ina kutali ndi Gutu, ndipo masana ana akadya amawakhazika pansi pa mtengo n'kumayendayenda pakati pawo akuti, "Zala." Tichaona anasankha kusafunsa. Patchuthi banja limapita kumudzi, onse n'kugwada pamzere, a Mudzingwa n'kumawerenga manja a aliyense mpaka a tiana toyamwa. Ikafika nthawi ya Shuvai amapinda manja awo m'khwapa n'kuti, "Mwafika, make Chenai?" Anthu amati ndi ulemu wa paupongozi, ndipo amayamikira. Iye zimamuwawa chaka chilichonse.

Chenai tsopano ndi mtsikana wamkulu ndithu, wa khutu lakuthwa, ndipo wakhala akuvutitsa mayi ake kuti amuphunzitse. Ana a eni ake onse akuimba, iye yekha amangokhala pambali n'kumagogoda pabondo. Tsiku lina anachita kulira.

"Amayi, ndinalakwa chiyani ine? Ngakhale kungogwira chabe?"

Shuvai anatenga timanja ta mwanayo, anasisita nsonga zofewa zija, n'kukatsekera mbira m'kabati. Patchuthi chilichonse, amene amawatsogolera agogo kuphiri kokapemphera atawagwira dzanja ndi Chenai.