Kulira Maliro a Sipayo

Pakhomo tinalipo anayi: apongozi anga aakazi, alongo awo amene anali mwini mbumba, alamu anga akulu ake a amuna anga, ndi ine mtengwa. Amuna anga anali atathawira ku Zambia. Tinkakhala kufupi ndi Mualadzi, m'mudzi wozingidwa ndi waya umene Apwitikizi anatisonkhanitsiramo nthawi ya nkhondo.

M'mawa wina kunapezeka mtembo kuseri kwa zimbudzi. Anali sipayo, wapolisi wachikuda wa atsamunda, yemwe uja anatentha nkhokwe zathu potisamutsa. Kwawo kunali kutali, ndipo atadwala m'mimba mabwana ake anamuchotsa ntchito. Asilikali anati si wawo. Anthu anati agalu amudye.

Kwathu adzukulu okumba manda sanyamula makasu asanamve kulira kwa akazi, koma kulirako kukamveka palibe amene amatsala m'nyumba. Munthu uyu analibe womulira.

Apongozi anamanga nsalu m'chiuno.

"Mukupita kuti?" anafunsa alongo awo. "Chimanga chanu chija anakubwezerani?"

"Sanabweze."

"Nanga anyamata a kutchire omenyana ndi Apwitikizi aja akamva kuti talira sipayo, adzatiyesa ayani?"

"Alongo, kodi Yesu pamtanda paja anayamba wafunsa wakuba uja kuti anaba zingati? Mtengwa, tiyeni."

Ndinawatsatira, pakuti mtengwa sakanira apongozi. Tinali titagona ndi njala. Tinakhala pansi pafupi ndi mtembo, ntchentche zitauunjirira. Ndinawanong'oneza kuti misozi ndilibe.

"Inenso ndilibe," anatero. "Tulutsani mawu okha."

Tinalira mouma. Dzina lake sitinkalidziwa, choncho apongozi ankangoti mwana wa eni, mwana wa eni. Kwa nthawi yaitali tinali awiriwiri, mmero ukuwawa. Kenaka amayi a mumpingo mwathu anayamba kufika, ena akung'ung'udza, nakhala kumbuyo kwathu. Alamu anga anatulukira ndi khasu, osayang'ana munthu. Mwini mbumba anatumiza mphasa yokulungira thupi, nati, "Yong'ambikayo, osati yatsopano."

Tinamuika dzuwa lili pamutu, ndi nyimbo imodzi yokha. Palibe amene anatithokoza. Banja lina, limene mwana wawo anamenyedwa ndi sipayoyo, silinatipatsenso moni mpaka nkhondo inatha, ndipo sindiliweruza.

Atatu a pakhomo aja onse anamwalira kale, ine dzanja latopa. Ana anga, ndi inunso a mbumba ya apongozi anga, ndikupemphani kuti zimene ndalembazi muzisunge.