Dzanja Lotsala Paphewa pa Mayi Zipi

"Ukwati watha, akudikiranso chiyani? Anyamule makina akewo azipita kwawo!"

Anali apongozi a Mayi Zipi amenewo, akukuwa pakhomo pa shopu. Ine ndimasoka nsapato pakhonde lomwelo, ndiye ndinaponya nyundo pansi n'kudzambatuka.

"Agogo, kwawo kuti? Diresi mwavalalo anakusokerani kwawoko?"

"Iwe wansapato, samala pakamwa pako!"

"Pakamwa ndi panga, sindinabwereke kwa mwana wanu."

Mayi Zipi ndi telala. Dzinali tinawapatsa chifukwa akaika zipi, thalauza limang'ambika iyo ikadali yamoyo. Anabwera m'dziko muno kutsata mwamuna, dalaivala wa basi, ndipo chilolezo chawo chokhalira kuno chinatsamira pa ukwatiwo. Mwana wawo wamkazi anabadwira konkuno. Bamboyo atapeza kamtsikana, ukwati unathera kukhoti, chilolezo nacho n'kuyamba kugwedera ngati dzino.

Ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka anawauza kuti angathe kukhalabe ngati ataonetsa kuti ukwatiwo unali weniweni, osati wongopezera mapepala. Abweretse zithunzi, apo ayi bamboyo akanene yekha.

Apa ndiye pagona nkhani. Ukwati utatha, mayiwa sanatukwane munthu, sanagubuduke pansi. Anangotenga lumo lawo lalikulu n'kumudula bamboyo m'zithunzi zonse. Kudula kwa telala, abale! Lumo linatsata khutu, linatsata kolala, osaphonya. Chinatsala ndi dzanja lokha, lovala wotchi, lili paphewa pawo pachithunzi chaukwati. Akuti kulichotsa kukanawononga diresi limene anasoka okha.

Ndinatseka ntchito n'kuwaperekeza ku ofesiko. Kalaliki anatembenuza zithunzizo uku ndi uku.

"Mayi, amuna anu ndi ati apa?"

Analoza dzanja lija. "Ndi awa."

Kalalikiyo anameza chiseko. Ine magazi anawira.

"Bwana, dzanja limenelo ndimalidziwa. Lakhala likundipatsa nsapato zonunkha zaka zonsezi!"

"Achimwene, dzanja silingachitire umboni. Abwere mwini wake."

Tinabwerera kushopu. Titafika, Mayi Zipi anakhala pamakina n'kuyamba kupinda yunifolomu ya mwana wawo, phazi likupalasa, misozi ikudonthera pansaluyo. Apongozi aja akudziwa chimene akuchita: mayi akathamangitsidwa, mdzukulu atsala m'manja mwawo. N'chifukwa chake mwana wawo dalaivala uja foni sakuyankha, ndipo basi yake masiku ano ikuzembera msewu wina.

Tsono iwe dalaivala, ndikudziwa kuti anzako akuwerengera izi kudepoti. Mkaziyu anakusokera mayunifolomu, anakusamalira utathyoka mwendo, anakuberekera mwana wokhala ndi mphumi yako yomweyo. Sakufuna kuti ubwerere, ndiponso angakuike pati? Akungofuna ukaime pa ofesi paja, unene kuti unali mwamuna wake. Wotchi ija ukuvalabe, ndinakuona. Bwera utiuze pamaso pa mwana wako: dzanja lili paphewa paja ndi la ndani?