Makutu a Tilekeni

Mukafika cha ku Fort Lister, kumunsi kwa phiri la Michesi, mukafunse za a Fraser Makina. Adzakulozerani mdala amene amakalipira ana akamagenda agalu, pomwe pakhomo pake palibe ngakhale kagalu kamodzi. Komatu kale anali mlenje ameneyo, mlenje weniweni, osati aja amangotsatira anzawo ndi chibonga kuti akapateko mwendo wa nyama.

Galu wawo anali Tilekeni, wofiirira, nthiti zili pamtunda, koma mphuno yake inali ina. Chaka cha napolo, madzi ndi miyala zitatsika m'phiri n'kufafaniza midzi, galuyu anaima pamulu wa matope n'kumakanda osafuna kuchokapo. Anthu anati wamva fungo la mtembo. A Makina anati galu wawo sakandira pachabe, ndipo anakumba ndi manja. Anatulutsamo Alesi, mwana wa mlongo wawo, atapanikizika pansi pa chitseko koma akupuma. Mayi ake sanapezeke mpaka lero.

Mwanayo anatuluka wathunthu, kupatula mawu. Anapita naye kwa asing'anga, kumapemphero, kuchipatala. Konseko anati lilime lili bwinobwino. Kunabwera matipate, aliyense n'kumayankhula zakukhosi, ena mpaka kusasa mawu pamalole a zipani, koma Alesi ali duu. Anakula n'kutha msinkhu kwa mayi ake aang'ono. A Makina ankakhala kuchikamwini, mudzi wina, koma mwini mbumba anali iwowo, ndipo zinkawadya mumtima kuti mwana amene anamufukula ndi zikhadabo zawo sanawaitanepo kuti amalume.

Pa tchalitchi cha m'deralo panali mayi Loyce, namwino wopuma pantchito. Loweruka lililonse ankasonkhanitsa ana amasiye pachisakasa, a napolo ndi a matenda aja ankamaliza anthu masiku amenewo. Ankawaphikira phala, n'kumayesa kuwacheza, koma ana oona zoopsa sayankha mafunso. Tsiku lina a Makina anamperekeza Alesi, galu ali pambuyo. Phala lili mkati, mayi Loyce anaona mtsikanayo atakhala payekha, mutu wa Tilekeni uli pamwendo pake, akumuchotsa nkhupakupa m'makutu. Milomo yake inkagwedezeka. Mayi Loyce anayandikira monyang'ama. Alesi ankanong'ona, abale! Ankamuuza galu za chitseko chija, ndi mmene amayi ake anasiyira kumuyankha.

"A Makina," anatero mayi Loyce, "galu wanuyu ndamulemba ntchito."

A Makina anaseka mpaka kutsokomola, koma Loweruka lotsatira anabwera naye. Lamulo la pachisakasapo linali limodzi: amene wagwira khutu la galu ndiye ayankhule, enanu khalani chete. Tilekeni ankangogona chammbali, maso ali tsinzi, ana n'kumakhuthula zomwe sakanauza munthu. Pakutha pa dzinja Alesi anali atayamba kuwayankha mayi Loyce, motsitsa, maso ali pa galu. A Makina ankakhala patali pamwala, akupichira fodya, n'kumadziuza kuti tsiku lawo layandikira.

Tsoka silinunkha. Tchire litapsa, amuna anapita ku uzimba. Insa inadutsa pamphuno penipeni pa Tilekeni. Galuyo anaithamangitsa pang'ono, n'kubwerera, n'kudzagona pamapazi pa mbuye wake akugwedeza mchira. Kuseka kwa alenje anzawo kunali kosaneneka.

"Galu wa amayi a mvano uyu!" anakuwa a Elton, mlenje mnzawo wapakamwa. "Mumugulire duku, achimwene, azikaimba nawo kwaya!"

Manyazi ndi chinthu choipa. A Makina sanayang'ane imvi zomwe zinali zitatuwa pamlomo pa galu wawo. Sanaganize zoti wakalamba. Anangoti ana aja amufewetsa ndi kumusisita, ndipo anachita zomwe ankachita bambo awo galu akafooka. Anapita naye kumsasa wa kumunda wa chinangwa, anamusinjira mavu m'gaga, anamudula nsonga za makutu ndi lezala, n'kumumangirira pamtengo kuti asaone munthu mpaka ukali ubwerere. Galuyo analira, iwo anayang'ana kumbali.

Loweruka limenelo sanapite naye. Mkati mwa sabata mayi Loyce anatumiza uthenga woti Alesi wasiya kudya, amangokhala panjira kuyang'ana komwe galu amachokera. A Makina anati basi, mankhwala agwira kale, ndipo Loweruka linalo anamumasula. Makutuwo anali atatupa, ntchentche zili ng'waa.

Atafika pachisakasa, Alesi anadzambatuka n'kuthamanga. Anachokera kumbuyo kwa galu monga mwa nthawi zonse, n'kugwira makutu onse awiri ndi manja. Tilekeni anakuwa, anatembenuka, mano n'kulowa pamkono pa mtsikanayo.

"Chiwewe! Galu wachiwewe!"

Amene anayamba kukuwa sakudziwika. Ana anabalalika. Amuna amene ankaumba njerwa za tchalitchi anabwera chothamanga ndi mipini, a Elton ali patsogolo. Tilekeni anathawira pakati pa miyendo ya mbuye wake, akunjenjemera. A Makina ankadziwa bwino lomwe kuti panalibe chiwewe pamenepo. Kunkangofunika kunena kuti ndamudula ndine, onani bala ili. Koma anene pamaso pa amayi onsewo kuti wavulaza galu wa ana amasiye? Anene pamaso pa a Elton kuti chipongwe chija chinawalasa? Wina atatambasula dzanja, a Makina anamupatsa chingwe cha galuyo.

Sizinatenge nthawi. Galu wokalamba sachedwa kufa.

Mayi Loyce anali atatsuka bala la pamkono lija ndi sopo n'kulimanga ndi nsalu. Alesi anawapulumuka, anadutsa pakati pa amuna aja, n'kukagwada pomwe panagona galuyo. Anatukula khutu limodzi, analiyang'anitsitsa, anatukula linalo. Kenako anadzutsa mutu.

"Amalume."

Mawu omveka bwino, a munthu wamkulu. Ndi mawu amene a Makina anawadikira zaka zonsezo.

"Amalume, makutu ake mwawatani?"

A Makina anayang'ana pansi. Mtsikanayo anadikira, anadikira, mpaka mayi Loyce anadzamudzutsa.

Bala linapola, chiwewe sichinaoneke. Mayi Loyce anabwereka galu wina kwa mphunzitsi, wonenepa bwino, wofatsa. Ana ena anamuzolowera, Alesi sanamuyang'ane n'komwe. Sanayankhulenso, kaya ndi munthu kaya ndi nyama. A Makina anagulitsa mkondo wawo, ku uzimba sanapondekonso.

Alesi alipo, ndi mayi wamkulu tsopano, amalima nandolo m'munda wa malemu amayi ake. Amalume ake amapitako kawirikawiri, ndodo ili m'manja, kamba wa nyemba za kalongonda ali m'thumba. Iye amawayalira mphasa, amagwada monga mwa ulemu, kenako amawayang'ana m'maso n'kumadikira. A Makina amakamba za mvula, za mtengo wa feteleza, za amene wamwalira kumudzi kwawo. Dzuwa likapendeka amatsanzika, n'kumapita asanayankhe funso lija.