Foni imene ndinaisunga ngati chimanga

Sukulu ndinalekeza kalasi yachinayi, koma pa nkhani yosunga chimanga palibe amene anandiposa m'mudzi mwathu muno, kunja pang'ono kwa tawuni ya Milange. Titabwerera kuchokera ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi, tinapeza minda itasanduka tchire, ndipo ine ndi malemu amuna anga tinalonjezana kuti sitidzaimanso pamzere kudikira chakudya cha chifundo. Kuyambira pamenepo sindinagulitsepo chimanga nthawi yokolola, pamene ogula amabwera ndi masikelo awo n'kumatchula mitengo yonyoza. Ndimatonola, kuthira mankhwala, kusoka matumba, kenako kudikira. Januwale akafika, njala italowa m'nyumba za anthu, omwe aja ankandiseka ndi amene amaimika njinga pakhomo panga. Ana anga anayi ndinawalera ndi nzeru imeneyi, Mulungu atandigwira dzanja. Ndayamba ndi zimenezi osati modzitama ayi, koma kuti amene adzawerenge amvetse chimene ndinachita.

Mwana wanga woyamba, wamwamuna, anabadwira ku msasa komweko. Khasu silinkamukhala m'manja, koma malonda ankawadziwa. Anali ndi benchi yake pa msika wa Milange, ife timati banka, ya matabwa ndi malata atatu pamwamba, pafupi ndi pamene amaima mashapa, timabasi topita ku malire a Muloza. Ankagulitsa timafoni ta mabatani, matchaja, mabatire ndi mayunitsi. Phindu silinali lalikulu, koma iye, mkazi wake ndi ana awo awiri ankadya. Anzake ambiri a msinkhu wake anapita ku Joni, ena mpaka lero sitidziwa ngati ali moyo. Ine pemphero langa linali limodzi: Ambuye, banka ija iime, mwana uyu akhale pafupi.

Chaka china, nditangogulitsa chimanga changa chonse cha m'nkhokwe pa mtengo wabwino, anabwera pa njinga masana, nakhala pa mpando wa bambo ake.

"Amayi, ndabwera ndi pempho. Mukandikana sindikwiya."

Anandifotokozera kuti anthu a ndalama, oyendetsa malole ndi ogula mbewu, amangodutsa pa banka yake. Iwo amafuna foni zija za galasi lokhalokha, za dzina lalikulu, zokhala ndi chizindikiro kumbuyo chimene aliyense amachizindikira patali. Bwana wina wogula nandolo, wa malole awiri, anali atamuuza kuti akaipeza yatsopano, yosatsegula, adzagula.

"Ndikagulitsa imodzi yokha, Amayi, anthu amenewo adzadziwa njira ya pa banka panga."

"Mtengo wake ndi wotani?"

Atautchula ndinaseka, ndimayesa akunena za njinga yamoto. Inali ndalama ya nkhokwe yanga yonse kuphatikiza mpamba wake wonse wa pa banka. Ndinamuuza kuti andipatse masiku atatu. Ndinapemphera, mtima unakhala pansi, ndinamupatsa.

Anapita ku Limbe, n'kubwerako ndi kabokosi kochepa ngati Chipangano Chatsopano cha m'thumba, kokutidwa ndi pepala la pulasitiki. Ndinakanyamula m'manja, kopepuka ngati mulibe kanthu.

"Musang'ambe pepalalo, Amayi. Likangochoka, mtengo watsika."

"Nkhokwe yanga yonse ili m'kanthu aka? Muli golide?"

Anaseka. Anati mwini sitolo wa ku Limbe, munthu amene wagulitsa mafoni zaka zambiri, anamuuza kuti galasi, batire ndi tizitsulo tonse ta m'katimo, pamodzi ndi malipiro a amene anatilumikiza, sizifika ngakhale theka la mtengo. Anamuuzanso kuti eni ake a dzinalo ndi amene amaika mtengo, ndipo wogulitsa aliyense pa njira amangosiyiridwa kochepa pamwamba.

"Nanga theka linalo munthu akugula chiyani?"

"Dzina, Amayi."

"Dzina amadya?"

"Eni ake amadya."

Tsiku limene bwana wa nandolo anabwera, ine ndinali pa msika, ndinapita kukagulitsa mpiru. Anatsika m'galimoto yake, mimba patsogolo, makiyi akulira m'manja. Ndinamuzindikira nthawi yomweyo. Ndi yemwe uja chaka chilichonse amaika sikelo yake pa mphambano yathu, n'kumalira kuti msika wa nandolo wagwa kunja. Anatembenuza kabokosi kaja, anawerenga kumbuyo, n'kutchula mtengo. Mwana wanga anawonjezera pang'ono, iye anachotsa pang'ono, ndinaona kuti atsala pang'ono kugwirana chanza. Ndinamukokera mwana wanga pambali n'kumufunsa kuti chotsala chathu n'chiyani. Anati ndalama yogulira matumba awiri a chimanga.

Matumba awiri, pa nkhokwe yathunthu! Ndinatembenukira kwa bwana uja.

"Bambo," ndinatero, "ine ndakudziwani kalekale. Pa nandolo mumatidya, lero mwabwera kudzatidya pa foni."

"Iii, amama, inu dziwani za mpiru wanuwo. Izi n'za anyamata. Mwana wanu akudziwa kuti mtengo umenewu ndi wabwino, mufunseni."

"Wabwino kwa inu. Mudzabwere ndalama za nandolo zikadzakuchulukirani, tidzakambirane bwino."

"Mukufuna muisunge m'nkhokwe? Musaiwale kuthira mankhwala!"

Anthu a mabanka oyandikana anaseka. Ine ndinatenga kabokosi kaja, ndinakamangirira m'chitenje, n'kunyamula dengu langa. Mwana wanga anangoyang'ana pansi. Sananditsutsepo pagulu chibadwire chake.

Mawa lake anabwera kumudzi, nkhope ili yakugwa.

"Amayi, foni si chimanga. Imakalamba ili m'bokosi momwemo."

"Chikalamba bwanji chinthu chosatsegula? Anankafumbwe alowera pati?"

"Eni ake amatulutsa yatsopano chaka ndi chaka."

"Nanga chimanga chatsopano sichituluka chaka ndi chaka? Ine ndimagulitsa changa chisanafike chatsopanocho. Tidikire Okutobala, anthu akagulitsa nandolo. Chinthu chodula amachigulitsa pamene ndalama ili m'matumba mwa anthu."

Anafukula dothi ndi chala cha phazi. Kenako anati, "Chabwino, Amayi. Inu simunalakwitsepo pa zosunga." Theka la ndalama linali langa, ndiponso iye anakula akuona nzeru imeneyi ikumulipirira sukulu. Anakwera njinga n'kumapita. Lero ndikaganiza, pali funso limodzi laling'ono limene sindinamufunse: kodi mafoniwo amakolola mwezi uti? Mlimi aliyense amadziwa kuti chakale chimatsika chatsopano chikafika. Ndinangoyesa kuti nyengo yawo ndi yofanana ndi yathu.

Ndinaika kabokosi kaja m'sutikesi ya malata, pakati pa yunifolomu yanga ya chigwirizano cha amayi, n'kuikweza pa njerwa kuopa chinyezi ndi chiswe. M'mawa uliwonse popemphera ndinkaitchula pamodzi ndi munda ndi mbuzi.

Miyezi ija inali yaitali. Mpamba wonse unali utagona m'sutikesi mwanga, choncho pa banka katundu akatha sankabwereranso. Anayamba kutha mabatire, kenako timafoni ta mabatani. Ndikapita ku msika ndinkapeza matchaja asanu atayalidwa motalikirana kuti benchi ioneke yodzaza. Munthu akafunsa chinthu, mwana wanga ankati, "Chatha dzulo, achimwene," n'kumuloza kwa mnzake wa tsidya la msewu. Makasitomala ake anazolowera kumeneko.

Mu Ogasiti mpongozi wanga, mkazi wake, anabwera yekha wapansi, mwana wamng'ono ali kumsana. Ndi mwana waulemu, wa ku Majaua. Anagwada patali pang'ono n'kumalankhula motsitsa mawu.

"Amayi, sananditume ayi. Akadziwa kuti ndabwera adzandikalipira. Koma kunyumba tikudya kamodzi. Mwini malo a banka akubwera tsiku ndi tsiku. Bwana uja akuti akadali kuifuna. Chonde, muwapatse akagulitse."

Ndinamumvera chisoni, koma ndinali nditaonapo zoterezi. Chaka chilichonse pamakhala mwezi umene mtima umati gulitsa, gulitsa, ndipo amene wapirira mwezi umenewo ndi amene amapindula. Ndinamupatsa ufa wa chinangwa, nyemba ndi nkhuku imodzi, n'kumuuza kuti, "Pirira miyezi iwiri yokha, mwananga. Udzandithokoza." Anati, "Zikomo, Amayi," n'kudzuka. Pa zonse zimene zinachitika, mawu anga amenewa ndi amene amandibaya kwambiri.

Okutobala anafika, nandolo anagulidwa, tawuni inadzaza ndi anthu ogula malata ndi njinga. Ndinavala bwino, ndinatenga kabokosi kaja, n'kupita ku banka mtima uli m'mwamba. Ndinapeza mwana wanga atakhala, atagwira tsaya. Anapempha foni ya mnzake n'kundionetsa chithunzi. Kwa ine inali yomweyo, galasi lomwelo, chizindikiro chomwecho, kungoti timaso ta kamera kumbuyo tinakhala mosiyana pang'ono.

"Yatuluka mwezi watha, Amayi. Yathuyi tsopano akuti ya chaka chatha."

"Koma ndi yatsopano! Pepala lake silinang'ambike n'komwe."

Anati anaimbira mwini sitolo wa ku Limbe. Eni ake a dzina aja anali atatsitsa okha mtengo wa yakaleyo m'masitolo onse, ndipo tsopano munthu akanatha kuigula yosatsegula pa ndalama yochepa kuposa imene ife tinapereka poipikula.

"Atsitsa chonchi, ndiye kuti iwonso aluza?"

"Ayi, Amayi. Akupindulabe."

Ndinakhala pansi pa kreti ya zakumwa. Ine ndikatsitsa chimanga ndi gawo lotero, ndiye kuti feteleza ndi thukuta langa zapita pachabe. Awa anadula mtengo ngati akudula nthambi, mtengo wake n'kukhalabe chiimire. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa zimene mwini sitolo uja ankanena. Phindu lenileni linali litatengedwa kale kutali, tsiku limene tinaigula. Ife tinkalimbirana nyenyeswa, ndipo ine ndinakana ngakhale nyenyeswazo.

Sindinagonje msanga. Ndinati tidikire Disembala, a ku Joni akabwera ku tchuthi. Anabweradi, koma anabwera nazo zawo m'matumba, zogwiritsidwa kale ntchito, n'kumazigulitsa motchipa kuti apeze ndalama yobwererera. Mwana wanga anayenda nayo kwa aphunzitsi, kwa anamwino, kwa oyendetsa malole pa malire. Wa ndalama ankafuna yatsopano ija kuti anzake amuone. Wopanda ndalama ankangoisilira n'kuibweza.

Pomaliza anaigula ndi bwana wa nandolo yemwe uja, akuti ya mwana wake wamkazi. Bwanayo anali atadzigulira kale yatsopano ija ku Nampula. Ndinalipo. Ndinakonzeka kuti andiseke, koma sananditonze. Anangoti, "Pepani, amama, zinthu izi n'zotero," n'kupereka ndalama imene sinafike ngakhale magawo awiri mwa atatu a imene tinalowetsa. Akanandiseka, mwina zikanandipepukira.

Ndinauza mwana wanga kuti atenge yonse, gawo langa ndi lake lomwe, akayambirenso. Koma malo a banka anali atapatsidwa kale kwa mayi wina wogulitsa sopo ndi mafuta ophikira, ndipo makasitomala anali atapita. Anayesa kuyenda ndi matchaja m'chikwama milungu itatu. Tsiku lina anabwera kumudzi wopanda njinga, anali ataigulitsa. Ndisanafunse ndinadziwa.

Ndinamuperekeza pokwerera shapa ya ku Mocuba, kumene amakakwera basi ya kumwera, ulendo wa ku Joni. Kunkagwa mvula yowaza. Kondakitala ankakuwa kuti malo atsala awiri. Ndinamugwira mkono n'kunena zimene ndinali ndisananenepo kwa mwana wanga aliyense.

"Mwananga, ndinakulakwira. Unandiuza, sindinamve. Undikhululukire."

"Musatero, Amayi, anthu akuona. Inenso ndinali ndi pakamwa, bwenzi nditalimbikira." Anayesa kuseka. "Mukanakhala mwini fakitale inuyo, bwenzi dziko lonse likudikira Januwale."

Ndinaseka misozi ikutsika. Ndinamuika dzanja pamutu pomwepo pagulu, ngakhale ndi bambo wa ana awiri, n'kumupereka m'manja mwa Ambuye.

Papita zaka ziwiri. Ndikuthokoza Mulungu kuti ali moyo, akunyamula njerwa pa zomangamanga, ndipo akapeza kanthu amatumizira banja lake. Mapepala ake sali bwino, choncho akaoloka kubwera kuno sangabwererenso. Ukwati wa mlongo wake unachitika iye kulibe. Mpongozi wanga sanathe kulipira nyumba m'tawuni, anabwerera kwa makolo ake ku Majaua ndi ana. Sanandinenepo choipa, ndipo ndikapita amandiphera nkhuku, chimene chimandichititsa manyazi.

Ndinapitako chilimwe chathachi, msewu utauma. Tili pakhonde bambo a anawo anaimba foni. Wamkulu uja analankhula nawo, n'kuwauza za kusukulu. Kenako mayi ake anaika foni pa khutu la wamng'ono, amene anali kumsana tsiku lija anabwera kudzandichonderera. Mwanayo anamvetsera pang'ono, anaikankha, n'kudzabisala kumbuyo kwanga.

"Agogo, amalume awa ndi ndani?"